Wolangiza omwerekera apite kaye kusukulu, mtima wabwino pawokha sukwanira

M'mipingo mwathu kuno ku Harare, m'magulu a WhatsApp ndi pamisonkhano ya mabungwe a maliro mwabuka mkangano wa funso limodzi: mwana akamwerekera ndi mutoriro (mankhwala osuta otchedwa crystal meth), bronco (mankhwala a chifuwa a m'botolo omwe ena amamwa kuti aledzere) kapena mowa, timupereke m'manja mwa yani? Boma linanena zake mu June 2024, pamene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ya 2024 mpaka 2030, ndipo ndondomekoyo imatchula za kuchiza ndi kubwezera anthu kumabanja awo, osati kumanga kokha ayi. Koma pepala silikhala pansi ndi mwana. Amakhala naye ndi munthu, ndipo masiku ano aliyense amene wapeza nyumba ya mpanda ndi mabedi angapo akudzitcha mlangizi. Ambiri akuti palibe cholakwika, bola mwanayo wachoka mumsewu. Ine ndikuti cholakwika chilipo, chachikulunso. Uphungu kwa omwerekera ndi ntchito ya zaumoyo, ndipo wotsogolera ntchitoyi ayenera kukhala ndi maphunziro opitirira digiri yoyamba, ataphunziranso pamaso pa katswiri womuyang'anira. Ndikutinso ife ana ndi adzukulu a amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tete tisamangodikira kuti ena atiphunzirire, tiyambe kutumiza ana athu kumaphunziro amenewa.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene chimandilemera kwambiri, chomwe ndi imfa. Anthu ambiri amaganiza kuti kusiyitsa munthu mowa n'kumutsekera m'chipinda mpaka mowawo utatha m'thupi. Kwa munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, kusiya mwadzidzidzi kumapha. Amayamba ndi kunjenjemera ndi thukuta, ena amagwa ngati akhunyu, ndipo pakapita maola 48 mpaka 72 ena amayamba kubwebweta, kuona zinthu zomwe palibe, thupi kutentha, mtima kuthamanga. Munthu ameneyu safunika ulaliki kapena chikwapu, afunika chipatala ndi mankhwala tsiku lomwelo. Wa bronco vuto lake ndi lina. Mu botolo lija muli codeine, yemwe ndi m'bale wake wa morphine, ndipo wosiya amamva kuphwanya m'thupi, kutsegula m'mimba ndi kusowa tulo. Izi kawirikawiri sizipha, koma ngozi imabwera pambuyo: thupi likapuma milungu ingapo limaiwala muyezo wakale, ndiye akadzayambiranso pa muyezo womwewo, makamaka atasakaniza ndi mowa, kupuma kungathe kuima. Wa mutoriro naye ali ndi njira yake. Amatha masiku osagona, amayamba kukayikira aliyense, kumva mawu, kuganiza kuti amayi ake omwe akumuthirira chiphe, kenako akasiya amagwa m'tulo ndi m'chisoni chakuya, ndipo apa m'pamene maganizo odzipha amafika. Mavuto atatu osiyana, koma pakhomo onse timangoti mwana walowerera. Tsono amene akulandira mwanayu ayenera kudziwa kusiyanitsa, ndipo kudziwa kumeneku munthu sabadwa nako.

Kodi kusukuluko amaphunzira chiyani chomwe munthu wanzeru zake sangadziwe yekha? Amaphunzira kuyeza kukula kwa vuto ndi mafunso oyesedwa kale, monga AUDIT ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, yomwe ili ndi mafunso 10 a za mowa, ndi ASSIST yomwe imakhudza mankhwala enanso. Amaphunzira njira yolankhulira yomwe William Miller anayambitsa mu 1983, n'kuikulitsa pamodzi ndi Stephen Rollnick, imene imamuthandiza womwerekera kutchula yekha zifukwa zake zosiyira. Njirayi inabadwa chifukwa zinaoneka kuti ukamukalipira munthu ndi kumutsutsa, iye amalimbika kuteteza khalidwe lomwelo, zomwe kholo lililonse la mwana wa mutoriro laziona ndi maso. Amaphunzira kuthandiza munthu kuzindikira zomwe zimadzutsa chibaba: mnzake uja, ngodya ija ya msika, ndalama m'thumba Lachisanu, mkangano ndi bambo. Ndipo pa mutoriro pali choonadi chowawa, chakuti mpaka pano palibe piritsi lovomerezeka loti lichotse chibaba chake, monga mmene mankhwala a methadone amathandizira omwerekera ndi heroin. Zomwe kafukufuku waonetsa kuti zimathandiza ndi uphungu wosintha kaganizidwe ndi kachitidwe, komanso kupereka timphotho ting'onoting'ono nthawi iliyonse pamene mkodzo wayezedwa n'kupezeka wopanda mankhwala. Ndiye kuti pa mankhwala omwe atisautsa kwambiri ku Mbare, ku Highfield ndi ku Epworth, mankhwala ake ndi mlangiziyo. Ngati iye sadziwa ntchito, mwana sanalandire chithandizo chilichonse, ngakhale makolo alipire madola mazana angati.

Ndikuumirira pa maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba chifukwa ntchitoyi imakhala pamwamba pa ntchito zina. Munthu ayambe wadziwa unamwino, psychology kapena ntchito yosamalira anthu m'madera, kenako amangepo za kumwerekera. Womwerekera kawirikawiri sabwera ndi vuto limodzi. Wina ali pa ma ARV ndipo wasiya kumwa, wina anagwiriridwa ali mwana ndipo sanauzepo munthu, wina matenda a maganizo anayamba kale ndipo chamba chinangobwera pambuyo. Kuti udziwe chomwe chayamba ndi chomwe chatsatira, wofunika kutumizidwa ku Annex, chigawo cha matenda a maganizo cha chipatala cha Parirenyatwa, kapena kuchipatala cha Sally Mugabe lero lomwe ndi amene angadikire, pamafunika maso ophunzitsidwa. Njira zilipo ndithu. Zimbabwe Open University imaphunzitsa uphungu mpaka digiri ya masitazi, ndipo munthu amaphunzira ali pantchito. Bungwe la Connect kuno ku Harare limaphunzitsa uphungu wa mabanja. University of Cape Town ili ndi dipuloma ya omaliza digiri yoona za kumwerekera kokhakokha. Kumudzi ku Malawi, a Saint John of God ku Mzuzu akhala akuphunzitsa za uphungu ndi matenda a maganizo kwa zaka zambiri. Ndipo kuno kuli Allied Health Practitioners Council, komwe alangizi amalembetsa, kutanthauza kuti wolakwira wodwala ali ndi koyankha. Mfundo yomalizayi anthu amaipeputsa, koma kholo lomwe mwana wake wamenyedwa kapena chinsinsi chake chaululidwa paguwa limadziwa kuwawa kosowa kokadandaula.

Amene akutsutsana nane ali ndi mfundo zomveka, ndipo yoyamba ndi yamphamvu zedi. Iwo akuti wodziwa njira ndi amene anaiyenda. Mnyamata amene anasuta mutoriro zaka zisanu n'kusiya amamvedwa ndi anzake kuposa mtsikana wa digiri amene sanalawepo ngakhale Chibuku, ndipo gulu la Alcoholics Anonymous, lomwe linayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, linamangidwa ndi zidakwa zothandizana zokha popanda satifiketi. Zonsezi n'zoona, ndipo malo ochizira omwe mulibe anthu otere ndi osauka. Komabe amene anasiya amadziwa njira imodzi, yake. Ngati iye anasiya potsekeredwa, amakhulupirira kutsekera. Ngati anasiya usiku umodzi pa pemphero, amaona yemwe wayambiranso ngati wopanda chikhulupiriro. Sukulu imamupatsa zomwe zinachitikira anthu zikwizikwi, kuphatikizapo omwe njira yakeyo inawakanika. Kuwonjezera apo, wosiya kumene amene akusenza mavuto a anzake popanda womuyang'anira ali pangozi yogwanso iye mwini. Choncho yankho langa si lakuti achoke. Ndikuti mwa anyamata amenewa muli ena oyenera kupita patsogolo pa mzere wa sukulu, ndipo otsalawo agwire ntchito pansi pa munthu wophunzira amene adzawauza kuti uyu musamugwire, thamangirani naye kuchipatala.

Mfundo yachiwiri imachokera kwa abusa, mashehe ndi akuluakulu a mwambo. Akuti ulangizi sitinauyambe lero: tili ndi anankungwi, ankhoswe, akulu a mpingo, ndipo kumwerekera ndi matenda a mzimu omwe buku la kuyunivesite silingawafike. Ine ndine wopemphera, ndipo ndaona mpingo ukuchita zomwe chipatala sichingathe, kumulandira munthu Lamulungu lililonse, kumupatsa anzake atsopano, kumupezera kaganyu. Womwerekera akatuluka kochizidwa amafuna kwambiri zimenezi. Koma tikumbukire za azamba a kumudzi. Anathandiza amayi ambirimbiri, ndipo ankalemekezedwa moyenera, koma mwana akapingasa kapena magazi akakana kuleka, mzamba wanzeru ndi amene ankadziwa msanga kuti apa pafunika chipatala. Mutoriro sunaliko pamene agogo athu ankalandira mwambo. Namkungwi sanauzidwepo kuti mnyamata yemwe akuti makoma akulankhula angakhale kuti watha masiku anayi osagona, ndi kuti kumumanga unyolo ndi kumusalitsa kudya kumangokulitsa mantha akewo. Ndiponso mbusa amene amakonda nkhosa zake sataya kanthu pophunzira. Abusa athu a CCAP ndi ansembe amakhala zaka kusukulu ya zaumulungu asanadzozedwe, ndipo palibe amene amati Mzimu wanyozedwa. Bwanji tsono pa nkhani ya ubongo wa mwana tikuti sukulu n'kusakhulupirira?

Otsutsa ena, omwe ndi ophunzira, amabwera ndi chitsanzo chomwe ndimachilemekeza, cha Friendship Bench. Akuti taonani, kuno komwe ku Mbare, mu 2006, Dotolo Dixon Chibanda anayamba ndi agogo aakazi 14 okhala pabenchi kunja kwa kiliniki, nthawi imene madotolo a matenda a maganizo m'dziko lonse sankafika 20. Kafukufuku wa m'makiliniki 24 a mu Harare, wa anthu 573, yemwe anasindikizidwa mu 2016, anaonetsa kuti ocheza ndi agogowo anapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse, ndipo njirayi yafika m'mayiko ena, ngakhale ku Malawi. Nanga digiri yachiwiri ndi ya chiyani? Chitsanzochi ndimachikonda chifukwa chikuikira umboni mbali yanga. Agogo aja sanangotengedwa pamsika n'kuikidwa pabenchi. Anaphunzitsidwa njira imodzi yodziwika, ya magawo 6, amagwiritsa ntchito mafunso oyezera, ndipo akapeza munthu wofuna kudzipha ali ndi komutumiza. Kumbuyo kwa benchi kuli akatswiri omwe anakonza maphunzirowo, amayang'anira agogowo, ndipo anayeza ngati zikugwira. Komanso benchi inakonzedwera nkhawa ndi kuvutika maganizo, osati munthu amene akunjenjemera ndi mowa kapena wanyamula chikwanje chifukwa cha mawu omwe akumva. Ngati tikufuna mabenchi a omwerekera ku Mufakose, ku Dzivarasekwa ndi ku Hopley, ndipo ine ndikuwafuna, tiyenera kukhala ndi anthu ophunzira mozama oti aphunzitse ndi kuyang'anira okhala pamabenchipo. Wa masitazi mmodzi sangaone ana onse a ku Epworth, koma angathe kuimirira kumbuyo kwa agogo ndi achinyamata makumi angapo.

Pali ena amene safuna n'komwe za uphungu. Akuti iyi ndi nkhani ya apolisi, amange ogulitsa ndi osuta omwe, mwana akalawa ndende adzasiya. Ogulitsa amangidwe, pamenepo tikugwirizana, ndipo apolisi akhala akuchita zimenezi mwamphamvu kuyambira mu February 2023. Koma wosuta akatuluka amabwerera kunyumba yomweyo, mumsewu womwewo, wopanda ntchito ngati kale, tsopano ali ndi mbiri ya kundende. Chibaba sichimangidwa.

Mfundo yomwe imandivuta kuyankha ndi ya ndalama, ndipo sindiipeputsa. Bambo wogulitsa ku Mbare Musika amene wavutika kulipira digiri yoyamba ya mwana wake ali ndi ufulu wofunsa kuti zaka zina ziwiri za fizi zidzabweza chiyani. Ntchito za boma za alangizi n'zochepa, malipiro ake ndi osakwanira, ndipo tonse tikudziwa kumene anamwino athu apita. Kuchokera mu 2022, pamene Britain inatsegula khomo kwa osamalira okalamba, mabanja ambiri anatsanzikana ndi ana awo pabwalo la ndege, ndipo mu 2023 WHO inaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko omwe ogwira ntchito zaumoyo aperewera kwambiri, momwe Malawi alimonso. Ndiye otsutsa akuti tidzangophunzitsira azungu. Ena adzapitadi, sindikana. Koma taonani amene ndikunena kuti apite kusukulu. Si mwana wa zaka 22 yekha ayi. Ndi namwino wa pakiliniki ya khonsolo amene ali ndi banja ndi nyumba ku Glen View, mphunzitsi amene ana ake a fomu 3 akugona m'kalasi chifukwa cha bronco, mbusa amene mpingo wake uli pano. Anthu otere ali ndi mizu, ndipo maphunziro a patali amawalola kuphunzira osasiya ntchito. Ndiponso ndalama tikuwononga kale. Banja lomwe lalipira katatu kunyumba yochizira omwerekera (rehab) yopanda wophunzira ndi mmodzi yemwe, lagulanso wailesi ndi mbaula ya gasi zomwe mwana anagulitsa, lalipira belo, lingatiuze kuti kusaphunzira n'kotchipa?

Pa kulipira katatuko ndiwonjezepo mawu. Makolo ambiri mwana akayambiranso amati chithandizo chalephera, kapena mwanayo ndi wotembereredwa. Bungwe la boma la America lofufuza za mankhwalawa, NIDA, limanena kuti mwa anthu 100 ochizidwa, pakati pa 40 ndi 60 amayambiranso, mofanana ndi mmene zimakhalira kwa odwala BP kapena mphumu. Mlangizi wophunzira amadziwa izi, choncho amakonzekeretsa banja, amapanga nalo dongosolo la tsiku lomwe mwana adzaterereke, ndipo amamutsatira miyezi yambiri atatuluka. Wosaphunzira amalonjeza kuti pa masiku 30 mwana atuluka watsopano, ndipo zikakanika mlandu amaukankhira kwa mwana ndi kwa amayi ake. Ndaona amayi akulira ndi manyazi omwe sanayenere kuwasenza, ndipo zimandipweteka.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikulankhula makamaka kwa ife olankhula Chichewa? Chifukwa mbiri yathu inatiika pamalo pomwe mphepoyi imawomba kwambiri. Agogo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Mafamu atagawidwa kuyambira mu 2000, ndi nyumba zitagwetsedwa pa Murambatsvina mu 2005, anzathu ambiri a kuno anali ndi kumudzi kothawira, pamene ambiri a ife tinalibe. Tinaunjikana m'mphepete mwa mzinda, ena opanda ziphaso, ana osalemba mayeso. Lamulo lalikulu la dziko la 2013 linavomereza kuti obadwira kuno a makolo ochokera m'mayiko a SADC ndi nzika, ndipo linaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 za boma, koma zaka zotayika sizinabwerere. Pakhomo pathu mwana wovuta sitingamutumize kwa amalume kumudzi kuti akapume mphepo ina. Amakhala pompano, ndi agogo ake aakazi omwe akumulera chifukwa makolo ali ku Joni. Mwanayo mwina amalankhula Chishona, koma agogowo akafuna kunena za kukhosi, za mwana wawo amene anamwalira, za mantha ogona ndi chitseko chokhoma chifukwa cha mdzukulu, amanena m'Chichewa kapena m'Chiyao. Kuchiza womwerekera n'kuchiza banja, ndipo mlangizi amene amadziwa kuti pakati pa ambiri a ife mwini mbumba ndi malume, kuti nkhani siyamba asanafike iye, amalowa m'nyumba momwe wina angaime pakhomo.

Sindikunena kuti pepala lililonse la masitazi ndi lokwanira. Pali maphunziro a uphungu omwe za kumwerekera amangozikhudza mlungu umodzi, ndipo pali ena omwe munthu amamaliza asanakhalepo pansi ndi wodwala weniweni. Wofuna kulembetsa afunse asanalipire: kodi ndidzagwira ntchito kuchipatala kapena kumalo ochizira kwa nthawi yaitali bwanji, ndani adzamvetsera mmene ndikulankhulira ndi odwala n'kundikonza, ndipo ndikamaliza khonsolo ya zaumoyo idzandilembetsa? Ngati mayankho ake ndi ozemba, ndalamazo zisungidwe. Makolo nawonso afunse mafunso omwewa pakhomo la rehab asanasiye mwana: wophunzira pano ndani, analembetsa kuti, ndipo mwana akayamba kugwa usiku mumaitana dotolo uti?

Za fizi, tili ndi chida chomwe agogo athu anatisiyira. Mabungwe a maliro a anthu a ku Nyasaland ndi akale kwambiri mumzinda uno, ndipo akhala akusonkha mwezi ndi mwezi osalephera, pa nthawi ya ndalama yamphamvu ndi pa nthawi imene ndalama inasanduka mapepala. Masiku ano mabokosi ena omwe akugula ndi a ana a zaka 19 ndi 25. Bungwe limodzi, kapena awiri ataphatikizana ndi mpingo kapena mzikiti, angathe kusankha munthu mmodzi amene ali kale ndi digiri, kumulipirira zaka ziwiri, n'kulemberana naye pangano loti akamaliza adzagwira ntchito m'dera lawo kwa zaka zomwe agwirizana, kuphunzitsa amayi a chigwirizano ndi achinyamata osiya, ndi kulandira mabanja masiku oikika pamlungu m'chipinda cha kutchalitchi. Akaswa pangano abweze ndalamazo, ziphunzitse wina. Nkhaniyi sifunika kudikira unduna kapena othandiza akunja. Ifunika mlembi wa bungwe aiike pa mndandanda wa zokambirana za mwezi uno, ndipo msungichuma abwere ndi buku kuti tione zomwe zilimo.